Ana Athu a Kunja Audziwe Mzinda wa Chipata

Caka ciliconse, nyengo ya Khrisimasi ndi ya Nc'wala ikafika, mabasi a pa mseu wa Great East amatitulira ana athu ocokera kutali. Ena acokera ku Lusaka ndi ku Migodi, ena ku Johannesburg ndi ku Gaborone, ndipo ena ndi manesi ndi aphunzitsi amene akhala ku United Kingdom. Timawalandira ndi nthungululu, nkhuku zimafa, ndipo madzulo timakhala pakhonde kumvetsera za maiko amene akhalamo. Ana amenewa amaidziwa bwino mizinda ya eni. Angakuuzeni galimoto imene ingakucotseni pa Park Station ndi kukufikitsani ku Soweto, kapena njira za sitima ya pansi pa nthaka ku London. Koma afunseni kumene kucokera madzi amene asamba m'mawa muno mu Chipata, kapena khonsolo imene iyang'anira mudzi wa agogo ao lero, mudzaona akungoyang'anana.

Mau athu ndi awa: kukhala kunja si cifukwa cokwanira cakuti munthu asaudziwe mzinda wa kwao. Mwana wa kuno amene akhala kutali ayenera kuuphunzira mzinda wa Chipata ndi midzi youzungulira monga momwe anaphunzirira mzinda umene agwirako nchito, poyenda ndi mapazi ake, poona ndi maso ake, ndi pofunsa. Nchito yomuyendetsa ndi yathu ife otsala, makolo, alimi ndi akhristu a m'maparishi. Pa nkhaniyi pagona minda yathu, ndalama zimene anawa atumiza, ndiponso adzukulu athu.

Sitidzudzula munthu cifukwa copita kunja. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ife a kum'mawa ulendo umenewu tinauyamba kale. Azungu atakhazikitsa msonkho wa nyumba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, makolo athu anayenda pansi kupita ku Walale, ku Bulawayo, ku Wankie ndi ku Joni, ndipo pambuyo pake ku Migodi. Ena anabwerako ndi njinga ndi makina osokera. Ena sanabwerenso, ndiwo amene tiwacha machona. Ngakhale malemu Rupiah Banda, amene anatsogolera dziko lino kucokera mu 2008 mpaka 2011, anabadwira ku Gwanda ku Southern Rhodesia mu 1937, kumene makolo ake anapita kukafuna nchito. Koma atakula anakhala ndi famu yake kuno ku Chipata. Kubadwira kutali sikunamuletse kudziwa kwao.

Machona akale anali ndi podzikhululukira. Kalata inali kuyenda masabata, ndipo ulendo wobwera kumudzi unali kudya malipiro a miyezi. Lero kwabuka uchona wa mtundu wina. Munthu aimba foni Sande iliyonse, atumiza ndalama mwezi uliwonse, abwera caka ciliconse, koma m'mutu mwake muli Chipata wa tsiku limene anakwera basi. Akabwera, masabata ake awiri athera panyumba, pa kupepesa maliro, m'masitolo akuluakulu ndi m'malo omwera. Abwerera osaponda m'munda, osalowa mumsika, osaonana ndi mfumu.

Komatu Chipata wa lero si uja anamusiya. Mu Ogasiti 2010 anatsegula njanji yocokera ku Mchinji kufika kuno, imene nchito yake inayamba mu 1982. Mu Januwale 2013 ndalama yathu ya Kwacha inacotsedwa maziro atatu, ndipo alipo ana athu amene mpaka lero asokonezeka powerenga mitengo. Mu Febuluwale 2017 boma linalengeza kuti Chipata tsopano ndi mzinda, pamodzi ndi Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone. Mu 2018 dera lakale la Chipata linagawidwa, ndipo Chipangali ndi Kasenengwa anakhala maboma paokha, aliyense ndi khonsolo yake. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Zambia ndi Malawi anatsegula cipata cimodzi cophatikiza pa Mwami ndi Mchinji. Kumene anawa anasiya chire, lero kuli makomboni. Munthu amene sadziwa zinthu izi angathe kuwakonda abale ake ndi mtima wonse, koma malangizo ake adzakhala a caka cimene cinatha kale.

Tiyambe ndi nkhani ya malo, popeza ndiyo yadzetsa misozi m'mabanja ambiri. Ana athu a kunja afuna kumanga kwao, ndipo ici ndi cinthu coyamikika. Koma ambiri agula malo pa foni. Wina awatumizira cithunzi ca malo osalala ojambulidwa mu Okutobala, iwo atumiza ndalama. Tonse a kuno tidziwa kuti Chipata wagona pakati pa mapiri, ndipo malo amene aoneka ouma m'cilimwe angakhale dambo mu Febuluwale, kapena njira ya madzi otsika m'phiri. Cithunzi sicinena zimenezi. Sicinenanso ngati malo omwewo anagulitsidwa kale kwa munthu wina, kapena ngati ndi manda akale, kapena msipu wa ng'ombe za mudzi wonse.

Lamulo la malo la 1995 lasiyanitsa malo a boma ndi malo a mafumu. Amene afuna kusandutsa malo a mfumu kukhala a cikalata ca boma ayenera kupeza cilolezo ca mfumu ya deralo, ndiponso ca khonsolo, nkhani isanafike ku unduna woona za malo. Cikalata ca boma cimakhala ca zaka zosapitirira 99. Kapepala kolembedwa pansi pa mtengo ndi munthu wogulitsa si cikalata cimeneci. Tsono mwana amene sadziwa kuti mudzi wake uli tsopano mu Kasenengwa kapena mu Chipangali adzayamba kugogoda pa khomo lolakwika. Safunsa anadya phula, anatero akulu.

Ndipo ayenera kudziwa cifukwa cimene ife timanjenjemera ikafika nkhani ya nthaka. M'nthawi ya atsamunda, kampani ya North Charterland inatenga malo okwana masikweya mailosi 10,000 kuno kum'mawa. Malo abwino anasanduka mafamu a fodya a azungu, ndipo makolo athu anapanikizidwa m'malo ocepa amene anawapatulira, mpaka nthaka inaguga. Boma linagula malo a kampaniyo mu 1941. Amene adziwa mbiri iyi sangauze amai ake pa foni kuti, “Gulitsani munda uja, ndikumangirani nyumba m'tauni,” ngati kuti munda ndi njinga yakutha.

Caciwiri ndi ndalama za ulimi. Alimi anzathu, mudziwa nokha kuti ndalama ya feteleza yofika mu Januwale ndi yosiyana ndi yofika mu Okutobala. Mwana amene sanayende m'munda kwa zaka khumi atumiza pamene iye walandira, osati pamene nthaka ifuna. Mu 2024, pa 29 Febuluwale, mtsogoleri wa dziko analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, ndipo pafupifupi theka la cimanga cimene cinabzalidwa m'dziko muno cinapserera. Ana ambiri anathandiza, Mulungu awadalitse. Koma ndi angati anafunsa ngati mudzi wao uli ndi dimba, citsime, kapena mbeu ina yopirira dzuwa?

Pafupi pomwepa pali malo ofufuza za ulimi a Msekera, kumene kunacokera mbeu za nshawa zimene timabzala, monga MGV4 ndi MGV5. Zilembo zimenezi zinyamula dzina la Msekera. Mwana wophunzira atapita kumeneko tsiku limodzi, nakambirana ndi alangizi, kenaka nayenda mu Saturday Market ndi mumsika wa Kapata kufunsa mitengo ya nshawa, soya, mpendadzuwa ndi nyemba, angadziwe pamene ndalama yake ingabale. Popanda kutero, aliyense aganiza za cigayo, minibasi, kapena nyumba ya lendi, ngakhale pamalo pamene zigayo zili kale zitatu.

Cacitatu ndi cakuti kunja sikulonjeza munthu. Mu Meyi 2008 ku South Africa kunabuka ziwawa zothamangitsa alendo, ndipo anthu oposa 60 anaphedwa. Zinacitikanso mu 2015 ndi mu 2019. Mu 2020 mliri wa korona unatseka malire ndi nchito zambiri. Ngakhale popanda tsoka, ukalamba umafika, ndipo ambiri a iwo amati akafa adzaikidwe kwao. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Kucokera mu 2016 malamulo a dziko lino alola munthu kukhala nzika ya maiko awiri, motero amene anatenga pasipoti ya kwina sanatsekeredwe khomo. Koma kodi munthu adzabwerera bwanji ku mzinda umene saudziwa? Adzafika ali mlendo, ndipo mlendo wa ndalama ndiye ndiwo ya akathyali.

Cacinai ndi adzukulu athu obadwira kunja. Ambiri a iwo Nc'wala amaiona pa foni: zikopa, nthenga ndi ngoma, basi. Palibe amene wawauza kuti Angoni anaoloka Zambezi mu Novembala 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, tsiku limene dzuwa linada masana. Palibe wawauza kuti mu 1898 asilikali a azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, nalanda ng'ombe zao, napha Nsingo mwana wa mfumu, ndipo Nc'wala inazima kufikira inayambanso mu 1980. Sadziwa cifukwa cimene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhanira ku Mkaika ku Katete kumapeto kwa Ogasiti kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ngati kuti malire kulibe. Mwana wotere akafunsidwa kusukulu kuti, “Kwanu ndi kuti?” angoyankha dzina la dziko. Koma atakwerapo phiri la Kanjala ndi agogo ake, adzakhala ndi coyankha.

Tidziwa zimene ena adzanena. Adzati chuthi ndi cacifupi, abale oti aonedwe ndi ambiri, ndipo kusiya azakhali osawalonjera ndi mlandu. Zoona. Sitinena kuti mwana aleke kupepesa maliro. Tinena kuti pa masiku khumi ndi anai apatule atatu, ndipo azakhaliwo akwere nao galimoto, popeza ndiwo adziwa mbiri ya malo. Ena adzati, kodi mbiri imadyedwa? Iai, koma munthu wosadziwa mbiri ya malo ndiye amadyeredwa. Enanso adzaopa kuti anawa asanduka ngati alendo opita ku Mfuwe, amene angojambula zithunzi za anthu osauka ndi kupita. Mantha amenewa ndi omveka. Ndiye cifukwa cake tinena kuti awayendetse ndi ife eni ake, ndipo pamene afika akhale pansi, alonjere, afunse, foni ili m'thumba.

Masiku atatuwo angayende motere. Tsiku loyamba likhale la m'tauni, ndipo likhale la pansi kapena la pa njinga, popeza Chipata ndi mzinda wa njinga. Ayambe m'mawa kukwera Kanjala kuti aone mzinda wonse mmene wagonera, kumene wakulira, ndi kumene mitengo yatha m'mapiri. Atsike, aone mtsinje wa Lunkhwakwa mmene ulili lero. Ayende ku Down Shops, aone masitolo ndi mizikiti ya amwenye amene makolo ao anafika kuno kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Auzidwe kuti tauni ino inali kuchedwa Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson, ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, Lusaka asanakhale likulu. Dzina la Chipata linabwera titalandira ufulu. Alowe mu chalichi cacikulu ca St Anne's, kumene malemu Medardo Mazombwe anali episkopi asanapite ku Lusaka ndi kukhala kadinala mu 2010. Ndipo asathere kumayadi. Apite ku Nabvutika, ku Mchini ndi ku Magazine, aone mmene abale ao atungira madzi ndi mmene misewu ikhalira mvula ikagwa.

Tsiku laciwiri likhale la mbiri. Apite ku Feni, kwao kwa Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni, kumene kulinso nyumba yosungiramo zinthu zakale yochedwa ndi dzina la Nsingo. Aone Mtenguleni pa tsiku wamba, pamene palibe khamu la anthu, kuti amve bwino zimene akulu afotokoza. Amene ali ndi nthawi afike ku Magwero, kumene a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikitsa mishoni mu 1899, ndipo kuli masukulu a ana osaona ndi osamva. Ena angafike ku Thandwe kukaona zojambula pa miyala za anthu amene anakhala kuno kalekale. Amene ali ndi mapepala oyendera aolokere ku Kachebere, kumene a White Fathers anafika mu 1903, aone kuti malire anadula pakati pa anthu a cilankhulo cimodzi.

Tsiku lacitatu likhale la nthaka. Aone damu la Lutembwe kumene kucokera madzi a m'tauni. Apite ku Msekera. Kenaka apite kumudzi, ayende malire onse a munda wa banja pamodzi ndi amalume ndi mfumu ya mudzi, aone mtengo uti ndi culu citi cimene cili malire. Ngati afuna kugula malo, awaponde yekha, afunse oyandikana nao, ndipo akafike ku khonsolo yoyenera asanapereke ngwee imodzi.

Ndipo kuphunzira kusathe pamene basi yanyamuka. Foni imene ipangitsa uchona watsopano ingathenso kuuciritsa. Mawailesi a kuno monga Breeze FM ndi Radio Maria amveka pa intaneti, ndipo amene amvetsera ola limodzi pa sabata adzadziwa za mvula, za mitengo ya mbeu ndi za maliro. Pa mapu a Google munthu ali ku Manchester angaone madenga a komboni yake ndi kuona kumene tauni yafika. Acinyamata a panyumba angayende ndi foni m'munda mu Febuluwale ndi kumuonetsa mkulu wao mmene cimanga cilili, pamene madzi aima, ndi pamene nthaka yakokoloka. Agogo asanatisiye, mau ao ajambulidwe akufotokoza maina a mitsinje, a mapiri ndi a makolo, atumizidwe kwa adzukulu. Izi sizifuna ndalama zambiri.

Tsono pempho lathu lipite kwa makolo anzathu. Mwana akabwera, tisamusunge m'nyumba ngati dzira. Ambiri amaopa kuti akamuyendetsa adzaona umphawi, kapena abale ena adzamupempha ndalama. Koma mwana amene abisidwa coonadi sangathandize bwino. Ndipo tisamuone ngati banki cabe. Amene tingomufunsa ndalama adzatipatsa ndalama, koma amene tamuonetsa munda, citsime ndi sukulu adzatipatsanso nzeru zimene anaona kwina. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, nanga bwanji mwana wa panyumba?

M'maparishi ndi m'miphakati muli aphunzitsi opuma, alangizi akale a zaulimi ndi amai acikulire amene adziwa mzinda uno kuposa buku lililonse. Nyengo ya chuthi ikayandikira, mphakati ungasankhe tsiku limodzi loyendetsa ana obwera pamodzi ndi ana a konkuno, popeza ngakhale obadwira ku Kapata ambiri sanafikepo ku Feni. Makopaletivu a alimi angacite cimodzimodzi, kuitana ana a kunja ku msonkhano wao umodzi kuti amve ndi makutu ao za mbeu, za ngongole ndi za misika. Akhonsolo nao angathandize poika zikwangwani zofotokoza mbiri pa nyumba zakale ndi pa malo odziwika, m'Cinyanja ndi m'Cingerezi. Alendo ambiri opita ku South Luangwa adzera mu Chipata, ndipo zikwangwani zomwezo zingawaimitse ola limodzi kuti agule kanthu kwa amai a pamsika.

Kwa inu ana athu amene muwerenga izi muli kutali, sitikupemphani kuti musiye nchito zanu. Tikupemphani kuti pa ulendo ukudzawu mubwere ndi nsapato zoyendera, ndipo mubwere ndi ana anu. Musanagule malo, yambani mwawaponda. Musanatumize ndalama ya ulimi, yambani mwafunsa mwezi. Ndipo ife makolo, tisanamufunse mwana kuti watibweretsera ciani, tiyambe tamuuza kuti mawa m'mamawa tidzakwera naye Kanjala.